Makina a ku Japan amene anaphunzira kusamala kasitomala

Kunyumba yosungira zinthu zakale za positi mumzinda wa Tokyo kumasungidwa bokosi lamatabwa limene linapangidwa mu 1904. Munthu akaponyamo ndalama yachitsulo, linkatulutsa sitampa kapena positikhadi, ndipo poponya kalata panalinso pomwepo. Analikhoma ndi mmisiri wa ku Shimonoseki, Takashichi Tawaraya, yemwe mu 1888 anali atapanga kale makina ogulitsa fodya. Bokosili ndi limodzi mwa makolo a makina ogulitsa zinthu okha pafupifupi 4 miliyoni amene lero ali mbwee m'misewu, m'masiteshoni ndi m'midzi ya ku Japan.

Makinawa anayamba kuchuluka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mu 1957 kampani ya Hoshizaki inatulutsa makina othira juwisi m'kapu yapepala pa mtengo wa mayeni 10, ndipo mu 1962 Coca-Cola inabweretsa ake ogulitsa zakumwa za m'mabotolo. Chimene chinawatsegulira njira kwambiri ndi ndalama zatsopano zachitsulo za mayeni 100 ndi 50 zimene boma linatulutsa mu 1967. Anthu anayamba kuyenda ndi ndalama zokwana bwino pakabowo ka makina.

Komabe panali potsalira. Nyengo yachisanu ku Japan kumazizira koopsa, ndipo chakumwa chozizira sichithandiza munthu amene zala zauma. Kampani ya UCC inali itayamba kugulitsa khofi wa m'zitini mu 1969, koma amene anaganizira dalaivala wapaulendo usiku ndi Toshikage Tanida, mwini kampani ya Pokka. Mu 1973 makina a kampaniyi otha kutenthetsa kapena kuziziritsa khofi anaikidwa pamalo opumira a Yoro, pamsewu waukulu wa Meishin. Mpaka lero, pansi pa chakumwa chotentha pamakhala chizindikiro chofiira, pa chozizira chabuluu, ndipo chisanu chikamayandikira zofiira zimachuluka.

Apa ndi pamene mbiri ya makinawa imakumana ndi khalidwe la Ajapani limene amalitcha omotenashi, losamala mlendo asanapemphe n'komwe. Makina sangawerame kupereka ulemu ngati wogulitsa m'sitolo, koma kumbuyo kwake kuli anthu. Tsiku ndi tsiku antchito amazungulira ndi malole kudzaza zakumwa, kupukuta magalasi, kuika chenji ndi kuchotsa zitini zomwera kale m'bini yoikidwa pambali. Kasitomala sawadziwa, koma ntchito yawo amaiona pamene makina amupatsa chimene wasankha ndi chenji chokwanira. Nawonso anthu amabweza ulemuwo. Makina odzaza ndalama amakhala okha usiku wonse pamsewu wopanda mlonda, ndipo kuwathyola sikofala.

Chisamalirochi chinafika ndi pa nthawi ya mavuto. Kuyambira mu 2005 makina ambiri amamatidwa kapepala kosonyeza adiresi ya pamalopo, kuti woimbira apolisi kapena ambulansi athe kunena pamene ali. M'dziko la zivomezi ngati limeneli mulinso makina okonzedwa kuti azipereka zakumwa zaulere pakagwa tsoka, ndipo ena anathandiza anthu pa chivomezi chachikulu cha mu 2011.

Chiwerengero cha makinawa chinafika pachimake mu 2000, pamene analipo pafupifupi 5.6 miliyoni. Kuchokera apo chakhala chikutsika. Masitolo osatseka usiku achuluka, anthu m'dzikomo akuchepa, ndipo antchito odzaza makina akusowa. Makina a fodya, amene anayambitsa zonsezi, anachepa kwambiri kuyambira mu 2008 pamene ogula anayamba kufunsidwa khadi yotsimikizira zaka zawo.

Aliyense wochita malonda angatolepo kanthu pa mbiriyi. Makina a ku Japan anakondedwa chifukwa pa msinkhu uliwonse panali munthu wofunsa chimene wogula akusowa, kaya ndi khofi wotentha, chenji kapena madzi pa tsiku la chivomezi, n'kuchikonza wogulayo asanadandaule.