Fulashi ya ojambula oyenda khomo ndi khomo

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, sikunabwere akalaliki ndi mafayilo okha ayi. Kunabweranso omanga nyumba, alonda, madalaivala ndi amayi a mandasi, ndipo onsewa ankafuna pogona. Ku Kawale ndi ku Biwi kunadzaza, ku Area 23 ndi ku Area 25 anadula mapuloti, ndipo osowa puloti anakaumba zidina ku Chinsapo kapena ku Mgona, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Wobwera kumene m'tauni ankalakalaka chithunzi chotumiza kumudzi, kuti abale ku Ntcheu kapena ku Mzimba aone kuti mwana wawo wagula wailesi ya Nzeru ndipo akuvala suti. Ntchito ya ojambula oyenda khomo ndi khomo inakulira pamenepo.

Amalume anga anali mmodzi wa iwo. Kamera yawo, Yashica, anaigula kwa bambo wina wobwera ku Joni, zaka zimene amuna ankapita kumigodi kudzera ku Theba, njirayo isanatsekedwe mu 1988. Anzawo ena anali ndi Zenit yolemera ija ya ku Soviet Union, ochita bwino anali ndi Pentax K1000. Loweruka ndi Lamulungu ankazungulira pa njinga, kamera ili pakhosi. Ofuna kujambulidwa ankapereka dipoziti, filimu ya zithunzi 36 ikadzaza amalume ankapita nayo ku Old Town kukatsukitsa, kenako n'kuyendanso nyumba zomwezo kugawa zithunzi ndi kutolera zotsala. Mukatsegula alubamu ya nthawiyo, amayi onse ali m'madiresi ophimba mawondo kapena m'zitenje, chifukwa lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi.

Ambiri akamakumbukira ojambula aja amatchula kamera. Kwa ine, chimene chinkadyetsa banja chinali fulashi, kabokosi kakuda kokhala pamwamba pa kamerayo. Masana aliyense akhoza kujambula. Koma ndalama yeniyeni inali m'kati ndi madzulo: pa chinkhoswe pansi pa tenti, pa perekaniperekani mu holo ya mababu awiri, pa ubatizo m'tchalitchi, kapena m'nyumba ya ku Mgona ya zenera limodzi ndi koloboyi. Wopanda fulashi ankabweza ntchito zoterozo. Fulashi ikafa phwando lili m'kati, nkhope zinkatuluka zakuda bii, ndipo mawu akuti "zithunzi zinapsa" ankatha kudanitsa wojambula ndi banja lonse, poti ukwati sabwereza.

Kugula fulashi ina sikunali kwapafupi, makamaka ndalama ya kwacha itagwa mphamvu mu 1994. Choncho ojambula anaphunzira kukonza okha, ndipo aphunzitsi awo anali okonza mawailesi a pakhonde la sitolo. Amalume anali ndi Vivitar 283, fulashi imene inafala pa dziko lonse m'ma 1970. Ankaiphwasula pa mphasa, tizitsulo tonse n'kuika m'mbale kuti ana tisataye, chowotcherera chili pa mbaula ya makala. Choyamba ankaiyatsa n'kuiika kukhutu. Fulashi yamoyo imalira ngati udzudzu, kaphokoso kokwera pang'onopang'ono mpaka kagetsi kofiirira kayake kumbuyo. Kaphokosoko ndi ka thiransifoma yaing'ono imene imatenga mavoti 6 a mabatire anayi n'kuwakweza kufika pa 300 kapena kuposerapo, n'kuwasunga mu kapasita. Mukadina kamera, kakoyilo kena kamaponya mavoti masauzande angapo pa kachubu kagalasi kokhala ndi mpweya wa xenon, ndipo moto wonse wosungidwa uja umadutsamo kamodzin'kamodzi. Njira imeneyi anaikonza bwino Harold Edgerton wa ku MIT, ku America, cha m'ma 1931. Amalume dzinalo sankalidziwa, koma khutu lawo linkadziwa gawo lililonse la ulendo wa motowo.

Ikakhala chete, nthenda inali pafupi. Nthawi zambiri mabatire otchipa anali atataya madzi n'kudya tizitsulo togunda, ndiye ankapala ndi sandipepa n'kupukuta ndi kansalu konyowetsa madzi a mandimu. Ikalira koma osathwanima, ankayang'ana phazi lolowa pa kamera, lomwe linkathyoka ndi mabampu a misewu yafumbi, kapena kachubu kakuda kunsonga, kapena waya wothothoka. Ikalira osaleka, kagetsi osayaka, ankakayikira kapasita yokalamba, ndipo ina ankaichotsa mu fulashi yakufa. Wojambula sankataya fulashi yakufa. Ankasinthana ziwalo ndi anzake akakumana kotsukitsa mafilimu.

Pa nkhani ya kapasita pokha amalume ankakweza mawu. "Iwe, chotsa dzanja! Mabatire ndachotsa, koma moto ukadali m'katimo." Ankanena zoona. Kapasita imasunga moto nthawi yaitali mabatire atachotsedwa, ndipo ikhoza kuotcha chala, ngakhale kusokoneza mtima. Iwo ankayamba aukhetsa ndi rezisita yomangirira ku mawaya awiri okutidwa bwino asanakhudze kalikonse. Kugunditsa sikuludiraiva, monga ena amachitira, kumaphulitsa moto n'kuononga zinthu. Aliyense wofuna kutsegula fulashi lero ayambire pomwepo, ndipo wopanda mita yoyezera magetsi angopita nayo kwa mmisiri.

Chaka chomwe Lilongwe inakhala likulu, Steven Sasson wa ku kampani ya Kodak anapanga kamera yoyamba ya digito. Zinatenga zaka pafupifupi 30 kuti makamera otere afike m'manja mwa ojambula a m'makwalala athu, ndipo atafika, filimu inatha msanga. Kodak yeniyeniyo inagwa mu 2012. Dipoziti inachepa mphamvu, chifukwa munthu ankaona nkhope yake pomwepo. Ojambula anayamba kuthamangira kukasindikiza ukwati uli m'kati, n'kudzayala zithunzi pakhomo la holo anthu asanabalalike. Kenako kunabwera mafoni a Tecno ndi Itel, ndipo mu 2017 a National Registration Bureau ankajambula okha anthu polembetsa ziphaso za unzika. Woyenda pa njinga uja anasowa khomo logogoda.

Fulashi yokha sinathe ntchito. Kagetsi ka foni sikangawalitse holo, ndipo anyamata ojambula maukwati ku Area 25 lero amanyamula za Godox ndi Yongnuo zochokera ku China. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri, ikangosiya kuthwanima, amaiponya m'katoni, pamene vuto mwina ndi dzimbiri la batire lomwe lija. Zamakonozi zili ndi timabolodi tovuta, n'zoona, koma kapasita, kachubu ndi phazi n'zomwezo, ndipo okonza mafoni a mu msewu wa Malangalanga ali ndi manja okhoza kuwotcherera tinthu tating'ono kuposa apa. Amene walandira fulashi yakale ya makolo ake asamale chinthu chimodzi: ma Vivitar 283 oyambirira amatulutsa mavoti opitirira 200 paphazi, pamene makamera ena a digito amapirira 6 okha. Ayeze kaye ndi mita asanaikweze pa kamera yatsopano.