Mbiri ya Maulendo a ku Dzalanyama

Munthu akaima pa Mitundu n'kuyang'ana chakumadzulo, amaona mtandadza wa mapiri a Dzalanyama amene ali m'malire a Malawi ndi Mozambique. M'mapiri amenewa ndimo muchokera mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe. Alendo amapitako kukakwera zitunda, kutsata makwawa ndi kuona mathithi. Komatu njira zimenezi anazilambula ndi anthu ofuna mvula, osati ongokayenda.

Mbiri ya Achewa imanena kuti pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa, ndipo panatsikira mwamuna ndi mkazi oyamba atanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Iwo anatsika pamodzi ndi mvula, ndipo mapazi awo anadindika pathanthwe. Pambuyo pake kachisi wa mvula anakhazikika ku Msinja, kumene Makewana ankatsogolera nsembe. Kukachita chilala, mafumu ankatuma nthumwi zimene zinkayenda masiku angapo, kuwoloka mitsinje, kukapempha mvula. Nalo phiri la Bunda, pafupi ndi Mitundu, linali ndi kachisi wotere. Pa malo oyerawa munthu sankadula mtengo mwachisawawa, motero akasupe ankatetezeka.

M'mwezi wa Okutobala 1866, David Livingstone anadzera m'derali pa ulendo wake womaliza. Iye anawoloka Diamphwe, mtsinje umene lero munthu amawoloka pa mlatho akapitirira Nathenje polowera ku Dedza. Analemba za mapiri a Dzalanyama ndiponso za ng'anjo zimene anthu ankasungunuliramo chitsulo. Ngakhale ankatchedwa wofufuza malo, njira ankamulozera ndi eni dziko. Patapita zaka zochepa, nkhondo za Angoni zinapasula Msinja, ndipo maulendo a nsembe anazilala.

M'chaka cha 1922 boma la atsamunda linakhazikitsa Dzalanyama kukhala nkhalango yotetezedwa. Kufunika kwake kunaonekeratu pamene damu loyamba la Kamuzu linamangidwa pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde mu 1966, ndi lachiwiri mu 1989. Lilongwe atasanduka likulu la dziko mu 1975, anthu anachuluka, ndipo makala anayamba kuyenda malonda. Mitengo ya tsamba ndi mombo inathera mu uvuni, n'kumalowa mumzinda pa njinga. Zinthu zitafika pothina, mu 2015 asilikali a nkhondo anatumizidwa kukalondera nkhalangoyi.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, koma khwawalo limadalira mitengo ya kumtunda. Mizu ndi masamba ofolera ndizo zimasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Phiri likakhala lambee, madzi amakokolola nthaka n'kukaitaya m'madamu, ndipo mathithi amauma mvula ikangoleka. Wophunzira wa ku Mitundu kapena Nathenje akakwera Dzalanyama azindikire kuti akuponda m'mapazi a makolo amene ankadziwa kuti madzi a kudambo amachokera kuphiri.