Liwiro linali malonda: nkhani ya mapositikhadi ndi galimoto zoyamba kuthamanga

Sabata ino ndikutengerani ku France ndi ku America, zaka zoposa 120 zapitazo.

Mukapeza kabandulo, tafufuzani mapositikhadi akale a ku Ormond Beach ku Florida. Muona mchenga wautali m'mbali mwa nyanja, anthu a zipewa ataima chapatali, pakati pali galimoto ya mawilo owonda ngati a njinga. Kwa inu amene simunaionepo, positikhadi ndi kakhadi kolimba, kumaso chithunzi, kumbuyo uthenga, keyala ndi sitampa, ndipo amakatumiza popanda envulopu. Inayambira ku Austria-Hungary mu 1869. Poyamba mbali imodzi yonse inali ya keyala basi. Britain italola mu 1902 kuti kumbuyo kugawidwe pawiri, America n'kutsatira mu 1907, chithunzi chinatenga kumaso konse, ndipo anthu anayamba kugula ndi kusunga makhadiwa ngati aledzera nawo. Zaka zomwezo ndi zimene opanga galimoto ankalimbirana kuti wothamanga kuposa onse ndani.

Ife a pamsika timati malonda ndi m'maso. Ndikamayang'ana zithunzizi sindiona masewera ayi. Ndimaona anthu akuitanira malonda.

Tiyambe pa 18 December 1898, ku Achères kufupi ndi Paris. Gaston de Chasseloup-Laubat anayendetsa galimoto ya kampani ya Jeantaud pa liwiro la makilomita 63 pa ola. Musaseke, ndikudziwa kuti minibasi yathu imapitirira pamenepo isanatuluke n'komwe m'tauni. Koma limenelo ndilo liwiro loyamba kuyezedwa ndi kulembedwa m'buku. Ndipo galimotoyo siinali ya petulo. Inali yamabatire.

Camille Jenatzy wa ku Belgium, wa ndevu zofiira mpaka anthu ankamutcha Mdyerekezi Wofiira, zinamuwawa. Nayenso ankapanga galimoto zamagetsi, ndipo msika umene ankaufuna ku Paris unali womwewo wa Jeantaud. Mukudziwa zimakhalira awiri akayala katundu wofanana pa mzere umodzi. Kwa miyezi inayi anasinthana ufumu: uyu 66, uyo 70, uyu 80, uyo 92. Pa 29 April 1899 Jenatzy anabwera ndi galimoto yosongoka ngati chipolopolo, dzina lake La Jamais Contente, kutanthauza kuti yosakhutitsidwa, n'kufika 105.88. Anakhala munthu woyamba kudutsa makilomita 100 pa ola pa galimoto. Mpaka lero ikusungidwa ku Compiègne.

Kenako inalowa nthunzi. Mu April 1902 ku Nice, Léon Serpollet anafika 120 ndi galimoto yowiritsa madzi ngati sitima yapamtunda. Petulo anadzalanda ufumu chaka chomwecho, mochedwa, wachitatu pa mzere.

Tsopano tamvani za Henry Ford. Mu January 1904 kampani yake inali ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, ndipo dzina lake linali lisanamveke mokwanira. Anatenga galimoto ya mpikisano n'kukaithamangitsa yekha pa Lake St. Clair, nyanja itauma ndi kuzizira. Pamwamba pake panali ming'alu, galimoto inkadumpha ngati mbuzi, koma anafika 147. A ku France amene ankasunga buku la liwiro sanavomere. Iye analibe nazo ntchito: manyuzipepala a ku America anali atalemba kale, ndipo ogula anali atamva.

Tibwerere ku mchenga wa Ormond uja. Mipikisano inayamba kumeneko mu 1903, ndipo amene anailimbikitsa ndi a hotela, pofuna alendo olemera othawa chisanu cha kumpoto. Mwaona mmene unyolo unalili? Wopanga galimoto akufuna dzina, wahotela akufuna zipinda zidzaze, wosindikiza akufuna makhadi atuluke. Mlendo akagula khadi, n'kumata sitampa ya senti imodzi kutumizira abale, ndiye kuti wawatsatsira malonda onse atatu ndi ndalama yake yomwe. Eti nzeru zake!

Koma pali wachinayi amene ankalipira ndi thupi. Pa 26 January 1906 Fred Marriott anayendetsa galimoto yanthunzi ya kampani ya Stanley, yooneka ngati bwato lovundikira, n'kufika makilomita 205 pa ola. Palibe galimoto ina yanthunzi inamuposa m'buku mpaka 2009. Chaka chotsatira, 1907, anabwereranso kuti adzipose yekha. Galimoto inagunda pokumbika mumchenga, inauluka, n'kusweka zidutswazidutswa. Marriott anapulumuka atavulala kwambiri, ndipo eni kampani anasiya za mipikisano. Ena sanachite mwayi wotere. J. G. Parry-Thomas anafera pa mchenga wa Pendine ku Wales pa 3 March 1927, ndipo galimoto yake, Babs, anaikwirira pomwepo mpaka anadzaifukula mu 1969.

Nanga anapambana ndani? Si wamagetsi amene anayamba, si wanthunzi amene anafika 205. Ndi Ford. Mu 1908 anatulutsa Model T, yomwe liwiro lake silinkafika ndi theka lomwe la Marriott, koma inali yotsika mtengo ndi yosavuta kukonza. Pofika 1927 anali atagulitsa zoposa 15 miliyoni. Liwiro linangoitana anthu, chinagulitsa ndi mtengo. Akuluakulu ananena kuti kuthamanga si kufika.

Ndiye lero mukamva kuti galimoto zamagetsi ndi zatsopano, muwauze za Jenatzy. Ndipo mukaona khadi lakale lija, musangoyang'ana galimotoyo. Mudzifunse kuti ankagulitsa ndani, ankagula ndani, ndipo amene anakhala pachiwongolero anapindulapo chiyani.

Inu mukuona bwanji? Tiuzane m'munsimu.