Makomo a Mphepo m'Nyumba za ku Kabwe

Mzinda wa Kabwe unabadwa ndi mgodi. M'caka ca 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalopo, napacha Broken Hill, dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo pambuyo pake panadza malata ndi amisiri omanga.

Amisiriwo anaona msanga kuti malata ali ndi bvuto limene udzu ulibe. Denga la udzu lipuma lokha, pakuti utsi ndi kutentha zituluka pakati pa udzuwo. Koma malata m'mwezi wa October asandutsa cipinda kukhala ng'anjo. Cifukwa ca ici nyumba za akuluakulu a mgodi ndi a njanji anazimanga ndi makoma atali, khonde lotakata, ndi njerwa zamabowo pamwamba pa mazenera. Mpweya wotentha ukwera nutuluka pamabowo aja, ndipo wozizira ulowa pakhomo ndi pazenera kutenga malo ace.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kunafala zidina za simenti zobooledwa ngati maluwa kapena nyenyezi. Mphepo inali kupyola, ndipo dzuwa likapendeka, mithunzi ya maluwawo inali kugwa pansi pakhonde. Cokometsa nyumba cinali comweco coipatsa mpweya. Anchito a m'komboni sanalawe zambiri za ubwino umenewu, popeza tinyumba tao tinali tating'ono, ta mazenera ocepa.

Tsono bowo silisankha mphepo. Ku Kabwe mphepo iomba kawirikawiri kucokera kum'mawa, motero inali kusenza utsi wa ng'anjo zosungunulira mtovu, pamodzi ndi pfumbi la pamiulu ya zotaya, kunka nazo ku Kasanda ndi ku Makululu. Zenera limene linalowetsa kamphepo kayeziyezi linalowetsanso ululu. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi, ndipo madokotala aupeza wocuruka m'mwazi wa ana ambiri a kumeneko. Mtovu uononga nzeru za mwana asanayambe n'komwe sukulu.

Mmisiri wanzeru asanasankhe maluwa a pakhoma, ayambe wafunsa kumene mphepo icokera ndi cimene yasenza. M'makomboni amenewa kapinga wa pabwalo ndi mitengo yochinga pfumbi ziri mbali ya nyumba monga momwe liliri zenera.