Dzina Limodzi, Malembedwe Awiri

Mbiri ya kalembedwe ka Chichewa imaonekanso m'mayina a alembi. Amishoni oyamba sankagwirizana pa malembo oimira mpweya umene umamveka pa p, t ndi k. N'chifukwa chake mlembi wa buku la Nthondo, limene linatuluka m'chaka cha 1933, amapezeka m'mabuku ena ngati Ntara ndipo m'mabuku ena ngati Nthara. Munthu ndi mmodzi, koma wofufuza amene sadziwa zimenezi amapeza theka lokha la ntchito yake.

Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Malamulowo anakonza mawu a chiyankhulo, koma dzina la munthu linatsala m'manja mwa mwini wake, mwa mphunzitsi amene anamulemba m'kaundula, ndi mwa mbusa amene anamubatiza.

Vutoli limakula pa mabuku a kafukufuku wa digiri, pakuti yunivesite imalemba dzina lonse monga lilili pa zikalata. Jack Mapanje, mlakatuli wodziwika, anamaliza kafukufuku wake wa Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi ku University College London mu 1983, ndipo bukulo limapezeka pansi pa dzina lakuti J.A.C. Mapanje. Woyang'anira laibulale akapanda kulumikiza mayina awiriwa, mlakatuli ndi katswiri wa ziyankhulo amasanduka anthu awiri.

Taganizirani za mwana wa ku Magaleta m'boma la Neno, limene linapatuka ku Mwanza mu 2003 ndipo linachita malire ndi Mozambique. Tsidya linalo ny amalemba nh, potsata Chipwitikizi. Makina ambiri amataya kachizindikiro ka mu ng', kotero kuti Ng'oma amasanduka Ngoma. Mwanayu akadzafika pa digiri, dzina lake likhoza kukhala litalembedwa kale m'njira zitatu.

Mankhwala ake ndi kaundula wa mayina. Laibulale imasankha kalembedwe kamodzi, makamaka kamene mwini dzina amagwiritsa ntchito, n'kulemba ena onse pansi pake ngati olozera. Kuyambira mu 2012 nambala ya ORCID yathandizanso kusiyanitsa a Banda ndi a Phiri ochuluka. Komabe nambala siidziwa kuti Ntara ndi Nthara ndi munthu mmodzi. Ntchito imeneyo imafuna wodziwa mbiri ya kalembedwe kathu.