Hostal dos Reis Católicos

Hotela yakale ya mumzinda wa Santiago de Compostela, kumpoto chakumadzulo kwa Spain, yomwe ili pabwalo la Obradoiro pafupi ndi tchalitchi chachikulu. Mu 1499 Mfumu Fernando ndi Mfumukazi Isabel analamula kuti pamangidwe chipatala cha anthu oyenda ulendo wachipembedzo, amene ankafika ali lefulefu, ena akudwala, atayenda pansi milungu yambiri. Nyumbayi inasanduka hotela mu 1954, ndipo lero ili m'gulu la mahotela aboma otchedwa Paradores. Zipinda zogona zimazungulira mabwalo anayi amkati omangidwa ndi miyala. Chokondweretsa koposa n'chakuti mwambo wochereza apaulendo sunathe: tsiku lililonse hotelayi imadyetsa ulere apaulendo 10 oyamba kulandira chikalata chotsimikiza kuti amaliza ulendowo.