Ngongole si ukapolo: ufulu wa wobwereka kwa olonjerera mwankhanza

Ngongole ndi pangano, ndipo wobwereka ali ndi udindo wobweza. Komabe panganoli silipatsa wobwereketsa mphamvu za apolisi kapena za bwalo la milandu. Malamulo a dziko lino adaika malire pa zomwe wolonjerera ngongole angachite, kaya ndi banki, bungwe lobwereketsa ndalama, banki mkhonde kapena wakatapila.

Zomwe malamulo aakulu amanena

Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, limateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Choncho kulephera kubweza ngongole, pakokha, si mlandu wa kupolisi. Zimasintha ngati munthu adatenga ndalamazo mwachinyengo, monga pogwiritsa ntchito zikalata zabodza, kapena akanyozera dala lamulo la bwalo.

Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu ndi nyumba yake, pomwe gawo 28 limaletsa kulanda chuma cha munthu popanda kutsata malamulo.

Woyenera kulanda katundu

Wobwereketsa akalephera kulandira ndalama zake, njira yake ndi kukasuma kubwalo la milandu. Bwalo likagamula, ndipo wobwereka n'kulepherabe kulipira, akuluakulu a ofesi ya Sheriff ndiwo amalanda ndi kugulitsa katundu, atanyamula chikalata cha bwalo. Mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona chikalatacho.

Katundu woikidwa pa chikole amayendera zomwe mbali ziwiri zidasainirana, koma chikole sichipereka chilolezo chothyola chitseko, kumenya munthu kapena kunyamula katundu wina yemwe sadatchulidwe m'panganolo. Ziwiya za mkazi, mwamuna kapena mbale yemwe sadasaine ngati woikira kumbuyo ngongoleyo sizikhudzidwa.

Kuopseza ndi kuchititsa manyazi

Kukumbutsa munthu za ngongole n'kololedwa, koma kumuopseza kuti avulazidwa ndi mlandu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsanso kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti. Wolonjerera yemwe amatumiza mauthenga oopseza kapena onyoza pa WhatsApp ndi Facebook akhoza kuyankha mlandu, ngakhale ngongoleyo ili yoona.

Chiwongoladzanja chopyola muyeso

Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa bwalo mphamvu younikanso pangano la ngongole likaona kuti chiwongoladzanja chanyanya, ndi kuchepetsa ndalama zoyenera kubwezedwa. Apa m'pomwe ozunzika ndi katapila angapulumukire, makamaka ogwira ntchito omwe adasiya khadi la kubanki m'manja mwa wobwereketsa, malipiro n'kumathera komweko mwezi ndi mwezi.

Kokadandaula

Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama omwe ali m'kaundula amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa banki yaikulu ya Reserve, malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010. Dandaulo limayambira kubungwe lomwe lidapereka ngongole. Likapanda kuthandiza, nkhani imapita kwa Registrar. Kuopsezedwa, kumenyedwa kapena kulandidwa katundu mwaupandu ndi nkhani za kupolisi. Wosowa ndalama zolipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Udindo wa wobwereka

Dandaulo limalimba ndi umboni. Wobwereka asunge pangano lolembedwa, malisiti ndi mauthenga a pa foni osonyeza ndalama iliyonse yomwe wapereka. Apemphe kuti amulembere ndalama yomwe adatenga, chiwongoladzanja ndi zomwe zatsala. Asasaine pepala lomwe sadaliwerenge, ndiponso asapereke ndalama kwa munthu yemwe alibe umboni woti watumidwa ndi wobwereketsa.

Kubisala sikuthetsa ngongole. Wolandira samani akapanda kuyankha kapena kukaonekera, bwalo likhoza kugamula iye palibe, ndipo mbiri ya kusabweza imafika kumabungwe osunga mbiri ya ngongole, zomwe zimamutsekera mwayi wobwereka mtsogolo. Wokaonekera kubwalo ali ndi mwayi wotsutsa chiwerengero cholakwika ndi kupempha kuti azilipira pang'onopang'ono, molingana ndi zomwe amapeza.